Galimoto za Angerezi zija zinathera kuti?

Dzulo mwana wa mlongo wanga anabwera ndi nkhani yoti akagulitsa soya akufuna kugula kagalimoto ka matola. Akuti, "Amalume, ndigule ya dziko liti?" Ndalama zake n'za thukuta la zaka zitatu, ndiye sindinamuyankhe mothamanga.

Ife tikukula, pamsewu wathu wafumbiwu pankadutsa Land Rover ya boma, malole a Bedford, mabasi a Leyland, mwina Peugeot 404 ya abambo a ku mishoni. Zambiri zinali za ku Britain, poti ndiwo anali atsamunda athu. Tinkangoti galimoto ya Mngerezi ndiye galimoto basi.

Chomwe sitinkadziwa n'choti kwawoko zinthu zinali zitayamba kale kuvuta. Mu 1968 makampani a Austin, Morris, Rover, Triumph ndi Jaguar anakhala pansi pa denga limodzi, dzina lake British Leyland. Koma aaa, mabwana ndi antchito samamvana, sitalaka daily, galimoto n'kumatuluka mufakitale zina zomangidwa mwachisawawa, dzimbiri osachedwa kugwira. Pofika 1975 kampaniyo inali itagwada, mpaka boma linaitenga kuti anthu asachotsedwe ntchito. Eni dziko ankauzidwa kuti gulani zakwanu, koma munthu amene wakankha galimoto m'mawa kuli chisanu samva zimenezo. Ambiri anatembenukira ku Datsun ndi Toyota za ku Japan, zongoliza kamodzi n'kudzuka.

Pamene pamandidabwitsa ine ndi apa. Mu 1986 Nissan inatsegula fakitale ku Sunderland, ku England komweko, n'kulemba ntchito Angerezi omwewo. Galimoto zake zinatuluka zabwinobwino. Manja ndi omwewo, dziko ndi lomwelo, chosintha ndi kayendetsedwe ka ntchito. Pamene fakitale yakale ya Longbridge ku Birmingham inatsekedwa mu 2005, MG Rover itagwa, ndipo mu 2008 Land Rover ndi Jaguar anagulidwa ndi Tata ya ku India. Eti India, yomwe Angerezi ankailamulira!

Kuno kwathu fakitale yagalimoto tilibe. Ma Probox ndi ma Sienta mukuwaonawa ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Mwayi wake, ku Japan nakonso amayenda kumanzere ngati ife.

Ine ndinagonapo pamsewu masiku awiri ndi mabelo a fodya, lole itafa, kachitsulo kakang'onong'ono kosapezeka boma lathu lonse. Ndiye mphwangayo ndamuuza kuti asayambe wafunsa dziko. Loweruka apite kwa amakaniko a pa trading, akaone masipeya omwe ali pashelefu, akafunsenso mtengo wa ma shock, poti msewu wathuwu mukuudziwa ikagwa mvula.