Wotchi ya kompyuta ikasokonekera: chomwe chimachitika ndi kakonzedwe kake

Anthu ambiri amandifunsa za laputopu yomwe akuti "yalowa vairasi" chifukwa Facebook, Gmail ngakhale Google yeniyeniyo zikukana kutseguka, chonsecho bandulo ilimo ndipo pafoni zonse zikuyenda bwinobwino. Ine funso langa loyamba limakhala limodzi: pansi kudzanja lamanja kwa sikirini, wotchi ikuti lero ndi tsiku lanji? Mayankho ake amaseketsa. Wina ali mu 2009, wina akadali mu January pomwe tonsefe tili mu August.

Webusayiti iliyonse yomwe adiresi yake imayamba ndi https ili ndi satifiketi ya chitetezo, yolembedwa tsiku lomwe inayamba kugwira ntchito ndi tsiku lomwe idzathe. Browser yanu imayerekeza masiku amenewa ndi wotchi ya mu kompyuta yanuyo. Wotchi ikamati tili mu 2009, satifiketi ya chaka chino imaoneka ngati yabodza, ndiye Chrome imatseka khomo n'kulemba kuti "Your clock is behind" kapena "Your clock is ahead", pena NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. WhatsApp nayo imakana kutseguka deti la foni likakhala lolakwika. Tangoganizani izi zikuchitika usiku womwe fomu yofunsira ntchito kapena ya sukulu ikutsekedwa. Ndiye munthu asanakuuzeni kuti mulipire aikemo Windows yatsopano, yambani mwaona kuti wotchiyo yalakwika motani, chifukwa kalakwikidwe kakeko ndi komwe kamaulula vuto.

Ngati mphindi zili zolondola koma maola ndi omwe asiyana, vuto ndi time zone. Malawi ali pa Central Africa Time, maola awiri kutsogolo kwa UTC, ndipo sitisintha wotchi chaka chonse. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera ndi nthawi ya komwe achokera. Ya ku London imatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October. Yomwe ili pa Pacific Time ya ku America imatsalira ndi maola 9 kapena 10. Mu Windows 10 ndi 11 pitani pa Settings, kenako Time & language, kenako Date & time. Pamndandandawo musavutike kusaka Lilongwe kapena Blantyre, mulibe. Yathu ndi yolembedwa kuti UTC+02:00 Harare, Pretoria. Chonde musamangokankha maola pamanja n'kusiya time zone yolakwikayo. Pasikirini pamaoneka bwino, koma mkati kompyuta imakhala ikuwerengabe molakwika: maimelo amaonetsa nthawi ina, miting'i ya pa Zoom imakupitani, ndipo ikangolumikizana ndi intaneti imabwerera pomwe inali.

Pali kagulu kena kochepa, makamaka ophunzira za makompyuta, komwe kamaika Windows ndi Ubuntu mu makina amodzi. Mukachoka ku Ubuntu kubwerera ku Windows mumapeza wotchi yatsalira ndi maola awiri enieni. Linux imasunga nthawi ya UTC mu wotchi ya pa motherboard, pomwe Windows imaiwerenga ngati nthawi ya kwanuko. Njira yachidule ndi kulemba timedatectl set-local-rtc 1 mu terminal ya Ubuntu, basi awiriwo agwirizana.

Tsopano vuto lomwe ndimaliona kwambiri m'tauni muno, makamaka pa ma desktop akale a m'malo osindikizira zikalata ndi oikira nyimbo ndi mafilimu: mwakonza nthawi lero, mwazimitsa, mawa mukuyatsa yabwerera chaka chakalekale. Apa palibe za vairasi. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, dzina lake CR2032, ka mavoti atatu. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ndi kusunga zomwe zili mu BIOS kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Desktop ikakhala yolumikizidwa kukhoma, ngakhale yozimitsa, wotchiyo imadya magetsi a kukhomako, kabatire n'kumapuma. Magetsi akamazimazima, kapena mukamazula pulagi usiku uliwonse poopa kuti makina angapse, kabatireko kamagwira ntchito kokha ndipo kamatha msanga. Kuzula pulagi sindikuletsa, n'kwanzeru ndithu, kungoti dziwani mtengo wake. Makina ena amachita kukuuzani poyaka, ndi uthenga wonena za CMOS kapena wakuti mudine F1.

Kusintha kabatireka pa desktop ndi ntchito ya mphindi zochepa. Zimitsani, zulani pulagi, tsegulani chivundikiro cha pambali, kankhani kachitsulo komwe kamakagwira ndipo kadumpha kokha. Katsopano kalowe mbali yolembedwa + ikuyang'ana kumwamba. Kamapezeka kwa okonza mawotchi a pamkono ndi m'mashopu a zamagetsi, chifukwa ndi komweko kamalowa m'makiyi ena a galimoto ndi m'masikelo. Mukatero lowani mu BIOS poyatsa, nthawi zambiri ndi F2 pa Dell, F10 pa HP, kapena Delete pa ma desktop ena, muike deti lolondola n'kusunga. Pa laputopu ndi nkhani ina: kabatire kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya, ndipo pena kamabisala pansi pa kiyibodi. Ngati simunatsegulepo laputopu, apa pokha mpatseni wodziwa.

Mtundu wachitatu ndi wotchi yomwe imatsalira kapena kuthamanga pang'onopang'ono, lero mphindi ziwiri, mwezi wamawa khumi. Wotchi ya mu kompyuta siyolondola kwenikweni payokha, n'chifukwa chake imafunsa nthawi ku maseva a pa intaneti kudzera mu NTP, njira yomwe David Mills anakonza m'zaka za m'ma 1980. Windows imafunsa ku time.windows.com. Pa tsamba lomwe lija la Date & time, yatsani "Set time automatically" kenako dinani "Sync now". Ikakana, yambani mwaika deti pamanja kuti liyandikire lenileni, chifukwa kusiyana kukakhala kwakukulu kwambiri imatha kukana kudzikonza. Ikapitiriza makani, tsegulani services.msc muone ngati Windows Time ikuyenda, kenako tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba w32tm /resync. Mukhozanso kusintha seva n'kuika pool.ntp.org. Ma Wi-Fi ena a m'maofesi ndi m'masukulu amatseka port 123 yomwe NTP imadutsira, ndiye yesani ndi hotspot ya foni yanu. Data yomwe imapita n'njochepa zedi. Koma ngati kompyutayo ndi ya kuntchito, yolumikizidwa ku domain, isiyeni: imatenga nthawi ku seva ya ofesi, ndipo ikasiyana nayo kupitirira mphindi zisanu imatha kukana pasiwedi yolondola. Auzeni a IT.

Pafoni zimaphweka, chifukwa nthawi imachokera ku netiweki ya TNM kapena Airtel bola mwayatsa deti ndi nthawi ya automatic. Amene mumakankha wotchi kutsogolo kuti mupeze moyo wina mu gemu, dziwani kuti manambala a Google Authenticator amasintha masekondi 30 aliwonse potengera wotchi ya foniyo, ndiye ikasemphana ndi nthawi yeniyeni akaunti yanu imakukanani ngakhale nambala mwalemba bwino. Anzathu a ku Karonga kufupi ndi malire a Songwe ali ndi lawo: foni ikagwira netiweki ya ku Tanzania imatha kudumpha ola limodzi kutsogolo, poti kumeneko ali pa UTC+3. Kumeneko ndi bwino kusiya nthawi pa automatic koma time zone musankhe pamanja. Ku Mchinji, Mwanza ndi Dedza vutoli kulibe, chifukwa Zambia ndi Mozambique ali pa nthawi imodzi ndi ife.