P.K. Chishala, Woimba wa ku Kitwe Amene Sanaope Abusa

Achinyamata ambiri amavina nyimbo za a P.K. Chishala pa maukwati koma sadziwa kuti mwini wake anali ndani. Peter Kalumba Chishala anabadwira ku Kitwe mu 1957. Ali mwana anadwala nthomba, ndipo maso anafa. Anaphunzira pa sukulu ya ana osaona ya Mambilima ku Luapula, kenako anapita kutali ku Sefula, kufupi ndi Mongu. Atabwerera ku Kitwe anagwirako ntchito yothandiza anthu pa Mindolo Ecumenical Foundation, gitala ili pambali.

Nthawi imeneyo ku Copperbelt zinthu zinali zitathina. Mtengo wa kopa unagwa cha m'ma 1975, malipiro a m'migodi sanalinso kufika kumapeto kwa mwezi, ndipo mu Disembala 1986 anthu a ku Kitwe ndi Ndola anachita zipolowe chifukwa cha mtengo wa unga. Kalindula anakulira m'njala imeneyo. Wailesi inali italamulidwa ndi a Kaunda kuti iziika kwambiri nyimbo za kuno kwathu, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inali kudinda malekodi.

Apa ndiye a P.K. anatulukira ndi "Ba Pastor", nyimbo yodzudzula m'busa wamakhalidwe oipa. Ena a m'matchalitchi anakwiya, nafuna kuti iletsedwe. M'malo mwake inasankhidwa kukhala nyimbo yopambana ya chaka cha 1985. Munthu wina akanapepesa n'kuyamba kuimba zachikondi chabe. Iwo anabweranso ndi "Church Elder", nkhani ya mkulu wa mpingo wotchedwa Pole Pole. Ife timaona kuti kulimba mtima kwawo kwenikweni kunali pamenepa, kuposa pa nkhani ya maso imene anthu amakonda kutchula. M'komboni aliyense amadziwana ndi mnzake, ndipo mkulu wa mpingo amene mwamuimbayo mukumana naye Lamlungu.

Mu 1988 anakaimba ku England pa chikondwerero cha WOMAD. Anamwalira m'zaka za m'ma 1990, asanakwanitse zaka 40.

Nyimbo zawo zambiri ndi za Chibemba, komabe ife a Chinyanja sitifuna womasulira kuti timve "Common Man", kulira kwa wantchito amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati. Pa wailesi yathu imapemphedwa kwambiri masiku amene thumba la unga lakwera mtengo.