Mtsempha ukatsekeka m'diso: mbiri ya leza ndi jakisoni

Kwa Chowe, ku Mangochi, wachikulire akadandaula kuti diso lachita mdima, anthu amathamangira kuganiza za ng'ala. Komatu pali khungu lina losaonekera kunja. Diso limakhala loyera bwinobwino, silipweteka, chonsecho mwini wake wadzuka akuona mbuu. Chimodzi mwa zoyambitsa zake ndi kutsekeka kwa mtsempha wotulutsa magazi ku retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso komwe kumagwera chithunzi cha zomwe tikuona. Magazi akasowa kolowera amasefukira ngati madzi a m'ngalande yotsekedwa ndi zinyalala, ndipo pakati pa retina pamatupa. Vutoli limakonda okalamba, odwala BP ndi odwala shuga.

Madokotala adayamba kuliona vutoli Hermann von Helmholtz wa ku Germany atapanga chipangizo chounikira mkati mwa diso mu 1851. Mu 1855 Richard Liebreich adalongosola retina yodzaza madontho a magazi, ndipo mu 1878 Julius von Michel adaonetsa kuti gwero lake ndi magazi oundana mumtsempha. Kudziwa adadziwa, koma kwa zaka 70 zotsatira padalibe chenicheni chomuchitira wodwala.

Njira idatsegulidwa ndi kadamsana. Dokotala Gerd Meyer-Schwickerath adaona kuti amene adayang'anitsitsa dzuwa pa kadamsana wa 1945 adapsa retina. Adaganiza kuti ngati kuwala kumawotcha mwangozi, kungathenso kuwotcha mwadala malo odwala okha. Pofika 1949 ankakola dzuwa ndi magalasi padenga la chipatala ku Hamburg n'kulilozetsa m'diso la wodwala. Kukachita mitambo, ntchito inkaima. Mu 1956 kampani ya Zeiss idamupangira nyale yamphamvu, kenaka mu 1960 Theodore Maiman adapanga leza (laser) yoyamba, makina otulutsa kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi. Zaka khumi zisanathe, leza idalowa m'zipatala za maso.

Kafukufuku wa ku America wa 1984 adapeza kuti potsekeka nthambi imodzi ya mtsempha, timadontho ta leza timaphwetsa chotupa ndipo ambiri amaonako bwino. Wina wa 1995 adapeza kuti ukatsekeka mtsempha waukulu, leza sibweza kuona. Ntchito yake idatsalira pa kuletsa timitsempha tatsopano tofooka, tomwe timatha kutaya magazi m'diso kapena kuliumitsa mpaka kupweteka koopsa.

Chomeretsa timitsemphati adachipeza Napoleone Ferrara mu 1989. Ndi puloteni yotchedwa VEGF, imene retina yosowa mpweya imatulutsa yambiri, ndipo ndi yomweyo imene imachititsa mitsempha kudontha. Mankhwala oitsekereza, Avastin, adapangidwira khansa ya m'matumbo, koma mu 2005 Philip Rosenfeld wa ku Miami adawabaya m'diso ndipo chotupa chidaphwa. Kenaka America idavomereza Lucentis pa vutoli mu 2010 ndi Eylea mu 2012, onse okwera mtengo zedi. Avastin ndiye adasanduka mankhwala a osauka chifukwa botolo limodzi limagawidwa kwa odwala ambiri, ndipo kafukufuku wa 2017 adaonetsa kuti pa mtsempha waukulu sachepekera kwa Eylea.

Kubayako sikuopsa monga kumamvekera. Amadontheza mankhwala a dzanzi, kutsuka diso, kuika kachitsulo kotsegula zikope, ndipo kasingano kopyapyala kamalowa pambali yoyera. Mphindi zochepa, zatha. Chovuta n'chakuti mphamvu yake imatha pakapita masabata, choncho poyamba wodwala amabayidwa mwezi ndi mwezi, ena mpaka zaka.

Kwathu kuno nkhondo ya maso idayambira kwina. Malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wamkulu wa maso, adalimbikira kuphunzitsa makilinikala a maso ku Lilongwe kuti thandizo lifike m'maboma. Mphamvu zambiri zidapita ku ng'ala ndi trachoma, ndipo mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma. Matenda a retina ndiwo atsala m'mbuyo, pakuti amafuna makina odula ndi akatswiri ochepa omwe amapezeka m'zipatala zazikulu monga Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre.

Apa ndi pamene mbiriyi imamukhudza munthu wa kwa Chowe. Akatsetsereka phiri pa kabaza kufika pa chipatala cha boma ku Mangochi, akhoza kumuunika diso n'kumulembera kalata, koma Blantyre ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Ng'ala amapala kamodzi, leza ndi maulendo owerengeka, pamene jakisoni amafuna thiransipoti ya anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza, mwezi uliwonse, dzinja ndi malimwe. Mankhwala akupita patsogolo, koma akumufuna wodwala pafupipafupi kuposa kale.

Kafukufuku wa boma ndi WHO wa 2009 adapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Choncho pamene tikulimbikira kuti leza ndi jakisoni zifike pafupi, thandizo lomwe lili kale m'manja ndi kuyezetsa BP ndi shuga pa chipatala chaching'ono, kumwa mankhwala osadukiza, ndiponso kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo diso limodzi likachita mdima mwadzidzidzi, ngakhale lisakupweteka.