Hatchi ya Udzu ndi Matope: mbiri ya nyama yobadwa m'kamvekedwe ka mawu

Kumayambiriro kwa chaka cha 2009, pa masamba a intaneti a ku China panatulukira nyama yachilendo yotchedwa caonima. Dzinali likamasuliridwa liwu ndi liwu limatanthauza "hatchi ya udzu ndi matope". Chithunzi chimene anthu anachisankha kuti chiimire nyamayi sichinali cha hatchi konse. Chinali cha alpaca, nyama yaubweya wambiri ya m'mapiri a Andes ku South America, yokhala ndi khosi lalitali ndi nkhope yooneka ngati ya munthu wosadziwa kanthu. Pasanathe miyezi itatu, nyamayi inali ndi nyimbo yake, mbiri yake, adani ake, ndi zidole zake zogulitsidwa m'masitolo. Inalinso itasanduka nkhani yodetsa nkhawa boma.

Kuti timvetse chimene chinachitika tiyenera kuyamba ndi chiyankhulo. M'Chimandarini phatikizo lililonse limanenedwa ndi kamvekedwe kake, ndipo mitundu ikuluikulu ya kamvekedweka ilipo inayi. Mukasintha kukwera kapena kutsika kwa liwu, tanthauzo limasintha. Ife oyankhula Chichewa sitingadabwe nazo, pakuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika timazisiyanitsa ndi khutu ngakhale timazilemba mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti Atchaina amalemba mawu otere ndi zilembo zosiyana kotheratu. Maphatikizo atatu aja, cao, ni ndi ma, akanenedwa m'kamvekedwe kena amakhala udzu, matope ndi hatchi. Akanenedwa m'kamvekedwe kenanso amakhala kutukwana kwakukulu kokhudza mayi wa munthu. Papepala palibe cholakwika. Cholaula chimamveka pokhapokha wina akawerenga mokweza.

Apa ndi pamene panagona mphamvu ya nyamayi, chifukwa makina osefa nkhani pa intaneti a nthawi imeneyo ankafufuza zilembo zoletsedwa, analibe makutu.

Nthawi imene inabadwira ndi yofunikanso. Pakutha kwa 2008 dziko la China linali ndi anthu pafupifupi 298 miliyoni ogwiritsa ntchito intaneti. Mu Disembala chaka chomwecho kunatuluka chikalata chotchedwa Charter 08, chopempha ufulu wa anthu ndi kusintha kwa kayendetsedwe ka dziko, chimene poyamba anachisainira anthu 303. Mmodzi mwa ochilemba, Liu Xiaobo, anamangidwa chisanafalitsidwe n'komwe. Chaka cha 2009 chinali ndi masiku okumbukira amene boma linkawaopa: zaka 20 chichitikire kuphedwa kwa anthu ku Tiananmen, ndi zaka 50 chichitikire kuukira kwa ku Tibet. Pa 5 Januwale 2009 boma linalengeza ntchito yochotsa "zolaula" pa intaneti, ndipo linadzudzula poyera makampani monga Google ndi Baidu. Koma pakati pa masamba otsekedwa panali Bullog, tsamba limene linkadziwika ndi zolemba za ndale osati zamaliseche. Anthu anaona chimene dzina la "zolaula" linkaphimba, ndipo anayankha ndi cholaula chenicheni chimene sefa sakanachigwira.

Nyama yopanda mdani sipanga nthano. Mdani wa hatchiyi anali nkhanu ya mumtsinje, ndipo nayonso inabadwa m'kamvekedwe. Kuyambira 2004 ulamuliro wa Hu Jintao unkalalikira mfundo ya "dziko logwirizana", ndipo liwu la chigwirizanocho ndi hexie. Likasinthidwa kamvekedwe m'phatikizo lachiwiri, limakhala nkhanu ya mumtsinje. Anthu anali atayamba kale kunena kuti nkhani yawo "yagwirizanitsidwa" pamene ankatanthauza kuti yafufutidwa. M'zithunzi zina nkhanuyo inkavala mawotchi atatu, chifukwa mawu akuti "kuvala mawotchi atatu" amamveka ngati dzina la chiphunzitso cha Jiang Zemin cha Kuimira Kutatu, maphatikizo ake atangosinthana malo. Choncho nthano inakwanira: hatchi zofatsa zikukhala m'chipululu, chimene dzina lake nalonso ndi kutukwana kobisika, ndipo nkhanu zabwera kudzawononga msipu wawo.

Nthanoyi inalembedwa ngati nkhani ya sayansi pa Baidu Baike, buku la chidziwitso la pa intaneti limene owerenga amalemba okha, pamodzi ndi nyama zina zopeka zimene zonse zinakwana khumi. Kenaka kunabwera kanema wa nyimbo yoimbidwa ndi mawu a ana. M'maganizo anga, mawu a anawo ndiwo anali nzeru yaikulu pa zonse. Woletsa nyimboyo ankayenera kuvomereza poyera kuti iye, mkulu wa boma, wamva kutukwana m'nyimbo ya ana yonena za udzu. Akaisiya, anthu ankapitiriza kumuseka. Mu Malichi 2009 nyuzipepala ya New York Times inalemba za nyamayi, ndipo m'mwezi womwewo malamulo oti ichotsedwe pa masamba anayamba kutuluka.

Zinthu zoseketsa zimene zimafalikira pa intaneti, zomwe masiku ano zimatchedwa meme potsatira liwu limene Richard Dawkins analipanga mu 1976, zambiri zimafa pakangopita masabata ochepa. Iyi sinafe, chifukwa anthu ophunzira ndi aluso anaitenga n'kuipatsa tanthauzo lachiwiri. Cui Weiping, mphunzitsi pa Beijing Film Academy, analemba nkhani imene anadzitcha yekha hatchi ya udzu ndi matope. Kuchokera pamenepo dzinali linayamba kuimira nzika wamba yokana kutsekedwa pakamwa. Mmisiri Ai Weiwei anadzijambulitsa ali maliseche, atangophimba pakati pa thupi lake ndi chidole cha alpaca. Mutu wa chithunzicho unkanena za hatchi yophimba pakati, koma kumakutu unkamveka ngati kutukwana Komiti Yaikulu ya Chipani cha Chikomyunizimu. Mu Epulo 2011 Ai anagwidwa ndi kusungidwa masiku 81, ngakhale mlandu umene boma linatchula unali wa msonkho. Ku Berkeley, Xiao Qiang ndi anzake a China Digital Times anasonkhanitsa mawu ozembera sefa m'dikishonale imene anaitcha dzina la nyama yomweyi.

Owerenga a kuno kwathu adzakumbukira kuti kubisala m'nyama pofuna kudzudzula wamphamvu si chinthu chimene chinabwera ndi kompyuta. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'nyumba zowerengera mu 1985, ndipo mwini wake, amenenso ndi katswiri wa ziyankhulo, anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kusiyana kulipo ndi kwakuti bilimankhwe anali ndi mlembi wodziwika amene apolisi akanatha kumupeza. Hatchi ya ku China inalibe mwini, ndipo mpaka lero woiyambitsa sadziwika bwino.

Ena mwa olemba a kumayiko a azungu anafulumira kuona nyamayi ngati chiyambi cha kugwa kwa ulamuliro woletsa kuyankhula. Mbiri sinawavomereze. Liu Xiaobo anagamulidwa zaka 11 pa 25 Disembala 2009 ndipo anamwalira ali m'manja mwa boma mu 2017. Xi Jinping atatenga utsogoleri wa chipani mu 2012, chingwe chinamangitsidwa. Mu Seputembala 2013 kunakhazikitsidwa kuti uthenga woneneza wina, ukafalitsidwanso ka 500 kapena kuwerengedwa ka 5,000, ungachititse wolemba kukhala m'ndende mpaka zaka zitatu.

Chimene chinatsala ndi njira yake. Mu 2013 chithunzi cha Xi akuyenda ndi Barack Obama chinaikidwa pambali pa cha Winnie the Pooh ndi Tigger, ndipo chimbalangondocho chinalowa m'gulu la zithunzi zofufutidwa. Mu 2018, pamene mawu a MeToo ankasefedwa, amayi anagwiritsa ntchito zilembo ziwiri zonenedwa mi ndi tu, kutanthauza mpunga ndi kalulu. Pakati pa zaka ziwirizi, mu Novembala 2014, bungwe la boma loyang'anira wailesi, kanema ndi zofalitsa linalamula kuti mapologalamu ndi zotsatsa malonda zileke kusewera ndi mawu ofanana kamvekedwe m'zining'a ndi miyambi. Chifukwa chimene linapereka chinali choti likuteteza chikhalidwe ndi kuopa kuti ana angasokonezeke.