Pamene kufulula mowa pakhomo udali mlandu ku America

Ku America, munthu wolowa gulu la ofulula mowa pakhomo m'chaka cha 1974 ankadziwa kuti akuphwanya lamulo. Chaka chimenecho anthu ena ku Los Angeles adayambitsa kalabu ya Maltose Falcons, yofulula mowa wongomwa okha ndi anzawo, osati wamalonda ayi.

Vutoli lidachokera kutali. Boma litachotsa chiletso cha mowa mu 1933, lidaloleza vinyo wopangira kunyumba, koma mowa wachimera n'kuusiya poletsedwa pomwepo. Tangoganizani, zaka 45 zathunthu!

Mamembala a kalabuyi adakadandaula kwa phungu Alan Cranston, ndipo mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lolola munthu wamkulu kufulula magaloni 100 pachaka. Koma a ku Alabama ndi Mississippi adadikirabe mpaka 2013.