Mlonda Wosagona: Mbiri ya Makina Oyang'anira Korali M'thanki

Nkhani yathu ya mbiri lero ikutitengera kutali, ku maiko kumene anthu amaweta zamoyo za m'madzi m'nyumba zawo. Ambiri a inu mukudziwa kuti mbuna za m'nyanja yathu ya Malawi zimagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America, kumene zimasungidwa m'mathanki a galasi. Mbunazo nzolimba ndithu. Koma chilipo chamoyo china cha m'nyanja ya mchere chimene chidasautsa oweta kwa zaka zoposa 100, mpaka adachipangira makina ochilondera usana ndi usiku. Chamoyocho ndi korali.

Korali mukamuona mungayese mwala kapena chitsamba, pamene kwenikweni ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi. Timatenga laimu m'madzi nkumanga naye zigoba, ndipo zigobazo zikaunjikana zimasanduka matanthwe aakulu, monga aja a ku zilumba za Bazaruto ndi Quirimbas ku Mozambique. M'matupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Madzi akatentha kuposa muyeso, ngakhale ndi digiri imodzi yokha kwa milungu ingapo, korali amatulutsa nderezo nayera mbee, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Izi zidachitika m'nyanja zambiri za dziko lapansi m'chaka cha 1998.

Gwero la vuto la oweta ndi ili. Nyanja yaikulu siisintha msanga. Lita imodzi ya madzi ake imakhala ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35, ndipo kutentha kwake kumakwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Koma madzi ochepa a m'thanki angathe kusintha usiku umodzi wokha. Ena akauluka ngati nthunzi, mchere umatsala nkuchuluka. Korali akamakula, laimu amachepa. Motero woweta ayenera kuchita ndi manja ake ntchito imene nyanja imachita yokha kamba ka ukulu wake.

Mmodzi mwa oyamba kuyesa ntchitoyi adali mayi Anna Thynne a ku England. M'chaka cha 1846 iwo adatola korali ku gombe la Torquay napita naye kwawo ku London. Poyamba ankaitanitsa madzi kuchokera kunyanja, koma pambuyo pake adaona kuti madzi omwewo amakhalanso abwino akalowa mpweya. Tsono mtsikana wawo wantchito ankaima pazenera tsiku ndi tsiku, nkumatsanulira madziwo uku ndi uku kwa theka la ola kapena kuposerapo. Korali uja adakhala ndi moyo pafupifupi zaka zitatu. Tingathe kunena kuti mtsikanayo ndiye adali mlonda woyamba wa thanki yotere.

M'chaka cha 1853 ku London Zoo adatsegula nyumba yoyamba yoonetsera anthu nsomba m'mathanki, ndipo chaka chotsatira Philip Henry Gosse adalemba buku limene lidatchukitsa kuweta zamoyo za m'nyanja. Mabanja ambiri adagula mathanki, koma ambiri adagwa mphwayi msanga poona kuti ziweto zawo zikungofa. Korali wa m'nyanja zofunda ndiye adakanikiratu kwa zaka zinanso zambiri.

Zinthu zidayamba kusintha cha m'ma 1960. Ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, Lee Chin Eng adaonetsa kuti miyala yotengedwa m'nyanja pamodzi ndi tizamoyo take imayeretsa madzi yokha. Nthawi yomweyo ku America kudayamba kugulitsidwa mchere wosakaniza kale wotchedwa Instant Ocean, kotero kuti munthu wokhala kutali ndi gombe adatha kudzipangira madzi a m'nyanja. M'zaka za m'ma 1970 Peter Wilkens adaphunzitsa oweta kuthira madzi a laimu m'thanki, ndipo oweta a mu mzinda wa Berlin adaphatikiza njirayi ndi nyale zowala kwambiri ndiponso makina ochotsa zonyansa ndi thovu. Kumeneko Dietrich Stüber adatha kukulitsa korali wanthambi wotchedwa Acropora, amene akatswiri ambiri ankati sangakhale moyo m'galasi. M'chaka cha 1994 Hans-Werner Balling adafalitsa njira yothira mankhwala a laimu pang'onopang'ono tsiku lililonse.

Koma onani, omvera, kuti kupambana kulikonse kunkadza ndi chida chatsopano chofuna diso la munthu. Thanki imodzi idayamba kukhala ndi chotenthetsera madzi, chozizirira, nyale, mapampu angapo ndi mabotolo a mankhwala. Chotenthetsera chikakanirira osazima, korali wa zaka khumi amatha tsiku limodzi mwini wake ali kuntchito. Pampu yoonjezera madzi ikapanda kuima, mchere umasukuluka ndipo madzi amasefukira m'nyumba. Paja akulu adati madzi akatayika saoleka.

Nchifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 kudabwera makina oyang'anira zida zonsezi pamodzi. Kampani ya Neptune Systems ya ku California idapanga AquaController, ndipo pambuyo pake Apex. Ku Germany kampani ya GHL idapanga ProfiLux. Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Tizipangizo toyezera timamizidwa m'madzi nkumauza kakompyuta za kutentha, mchere ndi asidi. Kakompyutako kamayatsa kapena kuzimitsa magetsi a chida chilichonse motsata malamulo amene mwini thanki adaika. Mwachitsanzo, popeza korali amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, mwini angalamule kuti akafika pa 27 chotenthetsera chizime ndipo chozizirira chiyake. Makina a masiku ano amatumizanso uthenga pa foni kudzera pa intaneti, ndipo ena amayeza okha laimu m'madzi kangapo patsiku.

Nanga mbiriyi ikumphunzitsa chiyani munthu wofuna kusankha makina otere? Choyamba, ayambe wadziwa ngozi zimene zingaphe ziweto zake msanga, ndizo kutentha, kuima kwa pampu ndi kusefukira kwa madzi. Makina osavuta olondera zitatuzi mokhulupirika amaposa odula okhala ndi zokometsera zambiri zimene mwini sazimvetsa. Chachiwiri, afunse chimene makinawo amachita zinthu zikavuta. Kodi intaneti ikaduka amapitiriza kutsata malamulo ake? Kodi magetsi akazima nkuyakanso amakumbukira? Kodi kakompyuta kakafa, chotenthetsera chimatsala choyaka kapena chozima? Magetsi akazima korali amasowa mpweya chifukwa madzi aleka kuyenda, choncho batire yoyendetsa pampu imodzi njofunika kuposa zokongoletsa zonse.

Chachitatu, awerengere mtengo wa mawa. Tizipangizo toyezera timakalamba, ndipo timafuna kutsukidwa ndi kuyesedwa kawirikawiri m'madzi a muyeso wodziwika. Kachipangizo konama nkoopsa kwambiri, pakuti makina amakakhulupirira nathira mankhwala osafunika. Aone ngati zosinthira zimapezeka kumene akukhala, ndiponso ngati makinawo angalandire zida zina thanki ikakula. Chachinayi, asaike moyo wa thanki yonse m'manja mwa mlonda mmodzi. Chotenthetsera chikhale ndi chozimitsira chakechake, kuti china chikalephera china chigwire.

Kuchokera pa mtsuko wa mtsikana uja wa ku London kufikira pa kakompyuta ka lero, ntchito idakali yomweyo: kusunga madzi ochepa kuti asasinthe, monga nyanja siisintha. Makina adalanda ntchito ya manja ndipo sagona tulo, koma sadziwa kuti korali wasanduka mtundu kapena kuti nsomba yaleka kudya. Zimenezo amaziona ndi munthu amene amaima pa thanki yake tsiku lililonse modekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.