MLANDU WA BUKU LA MBIRI KU MISSISSIPPI

Anthu akamva kuti buku laletsedwa, ambiri amaganiza za mulu wa mabuku ukupsa pabwalo, monga zinacitikira ku Germany m'caka ca 1933. Koma iripo njira ina yoletsera buku, yopanda moto ndi yopanda phokoso, ndiyo kungoleka kulilemba pa mndandanda wa mabuku amene Boma ligulira ana a sukulu. Njira imeneyi inaoneka poyera ku Mississippi, m'dziko la America, pakati pa 1974 ndi 1980, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika kwa aphunzitsi.

Mississippi ndi cimodzi mwa zigawo za kumwera kwa United States, dziko la minda yaikulu ya thonje. M'caka ca 1860 oposa theka la anthu a m'cigawoco anali akapolo, zidzukulu za anthu ogwidwa ku Africa. Ukapolo unatha mu 1865, itatha nkhondo ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera. M'zaka zotsatira, zimene eni ace azicha Reconstruction, ndiko kunena nthawi yomanganso dziko, anthu akuda analoledwa kusankha atsogoleri, ndipo awiri a iwo, Hiram Revels ndi Blanche Bruce, anakaimira Mississippi m'nyumba yaikulu ya malamulo ku Washington. Koma Azungu analandanso ulamuliro ndi mfuti ndi ziopsezo, ndipo mu 1890 analemba malamulo atsopano amene anatsekereza akuda pafupifupi onse kuti asaponye voti.

Kuyambira pamenepo munthu wakuda anakhala ndi mantha masiku onse. Akangomnenera coipa, kaya coona kaya cabodza, khamu la Azungu linkamgwira ndi kumupha popanda kuzenga mlandu, pompacika pamtengo kapena pomtentha. Sukulu ya Tuskegee inawerenga anthu 581 ophedwa motero ku Mississippi kuyambira 1882 kufikira 1968, ndipo panalibe cigawo cina cimene cinafika pa ciwerengero cimeneci. Mu 1955 mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa ndi kuponyedwa mumtsinje, ndipo omupha anamasulidwa. Mu 1963 Medgar Evers, mtsogoleri womenyera ufulu wa akuda, anawomberedwa pakhomo pa nyumba yace mumzinda wa Jackson.

Tsono m'masukulu nkhani ya mabuku inali yotere. Mu 1940 Boma la Mississippi linayamba kupatsa ana mabuku aulere. Cinali cinthu cokoma ndithu, pakuti makolo ambiri, akuda ndi Azungu omwe, anali osauka. Koma ndalama za Boma zinkagula mabuku okhawo amene komiti ya anthu 7 yawayesa ndi kuwabvomereza. Pa phunziro la mbiri ya cigawoco, limene ana ankaphunzira m'caka cao ca 9 ca sukulu, anagwiritsa nchito kwa zaka zambiri mabuku a John Bettersworth, mphunzitsi wa pa Mississippi State University. Mabukuwo ananena zambiri za akazembe ndi eni minda, koma za anthu akuda ananena pang'ono, ndipo za nkhanza zimene anacitiridwa anangopitirira ngati munthu wodutsa pamanda usiku.

Cipatso ca maphunziro otere cinaoneka ku Tougaloo College, sukulu ya ukacenjede imene amishoni a American Missionary Association anaimanga mu 1869 kuti aphunzitse akapolo omasulidwa. Mu 1968 kunafika mphunzitsi wacinyamata, Mzungu wa kumpoto, dzina lace James Loewen. Tsiku lina iye anafunsa ophunzira ace atsopano, onsewo akuda, kuti Reconstruction inali ciani. Monga anasimbira yekha pambuyo pace, ophunzira 16 mwa 17 anayankha kuti inali nthawi imene akuda analamulira asanadziwe kanthu, naononga dziko, kufikira Azungu anadza kudzakonza. Mphunzitsiyo anazizwa, pakuti akuda sanalamulirepo cigawoco okha, ndipo Boma la zaka zimenezo ndilo linakhazikitsa masukulu a ana onse. Anyamata ndi atsikana aja anali atamaliza sukulu atasenza bodza lonyoza agogo ao, ndipo ambiri analiphunzira kwa aphunzitsi akuda anzao, amene ankangotsata buku limene anapatsidwa.

Cotero Loewen anapangana ndi Charles Sallis, mphunzitsi wa mbiri pa Millsaps College, sukulu ya mpingo wa Methodist mu Jackson, kuti alembe buku lina. Anathandizana ndi aphunzitsi ndi ophunzira a masukulu awiriwo, akuda ndi Azungu pamodzi, ndipo mu 1974 bukulo linasindikizidwa ndi dzina lakuti Mississippi: Conflict and Change, ndiko kunena mikangano ndi kusintha kwa zinthu ku Mississippi. Munali mbiri ya Amwenye ofiira amene anayamba kukhala m'dzikomo, ya akapolo, ya Azungu osauka, ya akazi, ndi ya nkhondo yomenyera ufulu. Munalinso mafunso ouza mwana kuti ayese yekha umboni asanakhulupirire. Akatswiri a mbiri analiyamika, ndipo linalandira mphotho ya Lillian Smith, imene imapatsidwa kwa mabuku abwino onena za kumwera.

Caka comweco mabuku awiri okha a mbiri ya cigawoco anaperekedwa ku komiti: latsopanoli, ndi lina la Bettersworth lochedwa Your Mississippi. Lamulo linalola komiti kubvomereza mabuku oposa limodzi, kuti dera lirilonse lisankhe lokha, kotero kuti malo analipo a onse awiri. Koma la Bettersworth lokha ndilo linabvomerezedwa. Pa buku linalo anthu akuda awiri a m'komitimo anati inde, Azungu asanu anati iai.

Palibe lamulo limene linaletsa munthu kugula bukulo m'sitolo kapena kuliwerenga kunyumba. Akuluakulu akadatha kunena mosanama kuti sanatenthe kanthu. Koma sukulu yofuna bukulo inayenera kulipira ndi ndalama zace, pamene linzace linkabwera laulere. Madera a akuda ambiri ndiwo anali osaukitsitsa, cotero ana amene bukulo likadawathandiza koposa ndiwo amene sakadaliona. Kwa mwana wa kumudzi, buku limene siliri pa mndandanda liri ngati buku losalembedwa.

Mu 1975 alembi aja anakasuma ku bwalo la milandu la Boma lalikulu la United States. Sanapite okha ai. Anatsagana nao ana a sukulu, makolo, aphunzitsi, akulu a masukulu a dera la Jefferson, ndiponso atsogoleri a mpingo wa Katolika ndi wa Episcopal, pakuti masukulu a mipingo nawonso ankalandira mabuku pa mndandanda womwewo. Mlanduwo unachedwa Loewen v. Turnipseed, potsata dzina la John Turnipseed, mmodzi wa Azungu asanu aja, ndipo unazengedwa mu 1979 pamaso pa woweruza Orma Smith, Mzungu wokalamba wobadwira ku Mississippi komweko.

Atafunsidwa cifukwa cimene anakanira bukulo, Turnipseed anatsegula pa tsamba lina pamene panali cithunzi ca khamu la Azungu ataima pafupi ndi mtembo wa munthu wakuda amene anamupha. Iye anati zinthu zotere zikadacititsa kuti mphunzitsi wamkazi wacizungu alephere kusunga mwambo m'kalasi ya ana akuda ambiri. Mau amenewa anali ndi pogwira pace, cifukwa masukulu a akuda ndi a Azungu anali atangophatikizidwa kumene mu 1970 mwa lamulo la bwalo lalikulu, ndipo mitima inali isanakhazikike. Koma woweruza anamfunsa yekha ngati sizinali zoona kuti Mississippi inaposa zigawo zonse pa kupha kotere. Turnipseed anabvomera, koma anati zinacitika kale, ndipo sanaone cifukwa cozikumbira tsopano. Woweruzayo anamkumbutsa kuti limene analikukambirana linali buku la mbiri.

Pa 2 April 1980 ciweruzo cinaperekedwa. Bwalo linapeza kuti bukulo silinakanidwe cifukwa ca zolakwa za m'kati mwace kapena cifukwa cakuti linali lobvuta kwa ana, koma cifukwa ca mmene linanenera za akuda ndi Azungu, ndi kuti kukana kotero kunaswa ufulu umene malamulo aakulu a United States apatsa alembi, aphunzitsi ndi ana. Linalamula kuti bukulo lilembedwe pa mndandanda. Woweruza sanacotse buku la Bettersworth, ndipo sanakakamize sukulu iriyonse kutenga latsopanolo. Anangotsegula khomo kuti wofuna alitenge ndi ndalama za Boma. Madera ena analitenga, ena anakhalabe ndi lakale. Koma zaka zimene mlandu unali m'njira sizinabwerere: ana amene anali m'caka ca 9 pamene bukulo linakanidwa anali atatuluka kale sukulu. Loewen anapitiriza nchito yoyesa mabuku a mbiri, ndipo mu 1995 anatulutsa buku lochuka la Lies My Teacher Told Me, m'mene anaonetsa zolakwa za mabuku 12 a m'masukulu a America. Anamwalira mu 2021.

Mbiri imeneyi siphunzitsa kuti buku lirilonse liyenera mwana aliyense. Kusankha ndi nchito ya mphunzitsi masiku onse, ndipo palibe wanzeru amene angaonetse cithunzi cotere kwa ana ongoyamba kumene kugwira coko. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo a komiti aja akadabvomereza mwambiwo monga momwe akadaubvomerezera alembi a bukulo. Koma ana a caka ca 9 anali a msinkhu wa Emmett Till. Makolo ao anali ataona zimenezi ndi maso, ndipo ena mwa ocita nkhanzazo anali akali ndi moyo m'midzi yomweyo. Amene komiti inawachinjiriza sanali anawo, koma akuluakulu amene sanafune kufunsidwa.

Ndiponso kubisa mbiri sikunasiye mitu ya ana yopanda kanthu. Pamalo pa coona cimene anawamana panalowa cabodza, ndipo ophunzira a ku Tougaloo anacinena molimba mtima, osadziwa kuti alikudzinyoza okha. Aphunzitsi ao sanali anthu oipa. Analibe buku lina loti ayerekeze nalo. Mphunzitsi wa sukulu ya kutali, amene buku limodzi la Boma ndilo cuma cace conse, acita bwino kukumbukira kuti bukulo linasankhidwa ndi anthu, ndi kuti anthu amaleka zina mwadala. Mkulu akamuuza kuti nkhani yakuti isaphunzitsidwe, ayenera kufunsa mwaulemu funso limene woweruza Smith anafunsa Turnipseed, lakuti kodi zinacitika kapena sizinacitike. Ngati zinacitika, cotsala ndi kupeza msinkhu woyenera ndi mau oyenera ouzira ana.